Kutcheza madzi akumwa pakhomo: chipangizo n'chosavuta, koma werengerani nkhuni kaye

Funso lachokera kwa bambo wina wa kufupi ndi Nkando, m'boma la Mulanje:

"Pakhomo panga tilipo anthu 7. Timatunga pa mjigo, koma madzi ake amamveka kamchere pang'ono, ndipo akagona mu ndowa amasanduka ofiirira. Chitsime cha kudimba nthawi ya dzinja chimachita matope. Chichitikireni namondwe wa Freddy ndakhala ndikufuna kuti banja langa lisamadalire wina pa nkhani ya madzi. Ndinaona pa YouTube anthu akupanga chotchezera madzi, chija chowiritsa madzi n'kusonkhanitsa nthunzi yake. Ndili ndi mgolo, rediyeta ya galimoto yakale, komanso sola ya mawati 100 ndi batire yake. Ndingapange bwanji? Nanga madzi oterewa ndi abwino kumwa masiku onse?"

Bambo, tisanapite patali, rediyetayo mukagulitse kwa ogula zitsulo zakutha. Isayandikire madzi akumwa. Marediyeta akale aja amkuwa ankawalumikiza ndi chitsulo chosakaniza ndi mtovu, ndipo mkati mwake mwakhala mukuyenda mankhwala oziziritsa injini omwe munthu akamwa amawononga impso. Mutaitsuka chotani, nthunzi yotentha idzakokololabe zotsalira m'timapaipi momwe burashi singafike. Mtovu sumveka pakamwa komanso sununkha, koma umawononga ubongo wa ana mwakachetechete. Mapaipi ochotsa mu firiji yakutha nawonso ayi, ali ndi oyilo mkati. Mgolo wanuwo muyenera kudziwa kuti munkakhala chiyani. Migolo yambiri yomwe imapezeka pa misika ya kuno inasungapo dizilo, penti kapena mankhwala opopera mbewu. Ngati wokugulitsaniyo sanakuuzeni zomveka, usandutseni wothiramo zinyalala.

Tsono chotchezeracho chimatheka, ndipo luso lake si lachilendo kwathu kuno. Amayi otcheza kachasu amalidziwa kuposa anthu ambiri a pa YouTube. Chowiritsira chimakhala pamoto chitamatidwa bwino, paipi imachoka pamwamba pake n'kudutsa m'chomwera cha madzi ozizira, ndipo kumapeto kwake botolo limalandira madontho. Kutcheza madzi n'chimodzimodzi, kungoti zomwe mukufuna ndi madzi eni akewo. Madzi akawira amakwera ngati nthunzi, koma mchere, dothi, dzimbiri, mtovu ndi tizilombo toyambitsa matenda sizikwera nawo, zimatsalira mu poto. Nthunzi ikakhudza paipi yozizira imabwerera kukhala madzi, oyera kuposa a mvula.

Pali zinthu zina zomwe zimakwera limodzi ndi nthunzi: petulo, palafini, ndi ena mwa mankhwala ophera tizilombo m'munda. Madzi omwe akununkha mafuta, kapena a mumtsinje momwe anthu amatsukira mipope yopopera mbewu, musawatcheze n'kumati ayera. Fufuzani gwero lina.

Vuto lenileni lili pa moto. Kuti lita imodzi ya madzi ifike powira pamafunika moto wochepa, koma kuti lita yomweyo isanduke nthunzi yonse pamafunikanso moto wochuluka kuposa woyambawo pafupifupi ka 7. Tikawerengera m'mayuniti a magetsi omwe mumawadziwa, kufikitsa lita imodzi powira kumadya gawo limodzi mwa magawo 10 a yuniti, osakwananso, pomwe kuitcheza kumadya magawo 7 mwa 10. Yuniti yathunthu ikupatsani lita imodzi ndi theka osafika. Banja la anthu 7 limafuna malita 20 patsiku akumwa ndi ophikira, kutanthauza mayuniti 14 kapena 15 tsiku lililonse. Sola yanu ya mawati 100 tsiku ladzuwa labwino imasonkhanitsa pafupifupi theka la yuniti. Mutaigwiritsa ntchito yonse kutchezera madzi, osayatsa nyali kapena kutchaja foni, simungadzaze botolo la lita imodzi.

Pa nkhuni masamu ake ndi owawa kwambiri, chifukwa pa mafuwa moto wambiri umangothawira m'mbali. Lita imodzi yotcheza imadya nkhuni zouma kilogalamu imodzi kapena kuposerapo. Malita 20 ndi makilogalamu 25 mpaka 30, mtolo wathunthu wa mayi wamphamvu, lero, mawa, mkuja. Moto wophikira wamba umatulutsa lita imodzi kapena imodzi ndi theka pa ola, ndiye wina ayenera kukhala pamoto kuyambira m'bandakucha mpaka usiku akusonkhezera. Chitetezo mbaula ichepetsako nkhunizo, koma osati mpaka masamu kusintha. Inu mukudziwa mmene nkhuni zavutira kuno, kuti makomo ambiri amaphikira mitengo ya nandolo ndi zitsononkho, ndipo amayi a kufupi ndi phiri amakwera mtunda wautali kuti apeze mtolo umodzi. Kudzidalira pa madzi koma n'kumagula nkhuni tsiku ndi tsiku, kwa ine sikudzidalira.

N'chifukwa chake ndikufuna tiyambe tadziwa kuti madzi anu akudwala chiyani, popeza mwatchula zinthu zitatu zosiyana ndipo chimodzi chokha ndi chomwe chimafuna kutcheza.

Kufiirira kwa madzi akagona ndi chitsulo. Pansi pa nthaka chitsulocho chimakhala chosungunuka, madzi n'kumatuluka oyera, koma akakumana ndi mpweya chimasanduka dzimbiri n'kuyamba kuoneka. Chimadetsa zovala, chimasintha maonekedwe a nsima ndi tiyi, ndipo chimapatsa madzi kakomedwe kena komwe anthu ambiri amakasokoneza ndi mchere. Si poizoni. Yesani izi: mukatunge m'mawa kwambiri anthu asanayambe kupopa, kenako mukatungenso masana mjigo utagwira ntchito nthawi yaitali. Ngati a m'mawa ndi ofiira kwambiri pomwe a masana ndi oyera, vuto ndi zitsulo za pampu zomwe zachita dzimbiri, ndipo nkhaniyo ndi ya komiti ya pamjigo ndi mekaniki wa m'dera lanu. Ngati onse amafiirira mofanana akagona, chitsulocho chikuchokera m'nthaka. Mankhwala ake ndi mpweya ndi nthawi. Tsanulirani madziwo kuchoka mu ndowa ina kupita mu ina kangapo, muli chiimire kuti achite thovu, asiyeni agone usiku umodzi, m'mawa mutsanule a pamwamba kudzera pa nsalu yoyera n'kutaya zofiira za pansizo. Sipafunika nkhuni ngakhale imodzi.

Mchere weniweni ndi nkhani ina. Sukhazikika pansi, nsalu siugwira, kulorini saukhudza, ndipo kuwiritsa kumangowonjezera ukali wake chifukwa madzi amachepa mchere uli womwewo. Mijigo ya mchere ndi yodziwika ku Chikwawa ndi ku Nsanje komanso m'chigwa chozungulira nyanja ya Chilwa, pomwe madzi otsika m'phiri la Mulanje, a mu Likhubula, Lichenya kapena Ruo, mchere wake ndi wochepa kwambiri. Inu muli kuchigwa, choncho n'zotheka kuti kamchere mukumvako ndi kenikeni. Tengani madzi omwe mwawachotsa kale chitsulo, muwalawenso. Donthezani supuni imodzi pa galasi loyera, muliike padzuwa. Akauma n'kusiya chizindikiro choyera chokhuthala, mchere ulipo. Pali kachipangizo kakang'ono ngati cholembera kotchedwa TDS meter komwe kamayeza kuchuluka kwa mchere wosungunuka m'madzi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati madzi omwe mchere wake supitirira mamiligalamu 600 pa lita amamweka bwino, ndipo akadutsa 1,000 amayamba kuvuta pakamwa.

Zina ziwiri sizimveka pakamwa konse. Choyamba ndi fluoride, wochokera m'miyala ya pansi pa nthaka, yemwe akachuluka kupitirira mamiligalamu 1.5 pa lita amathimbiriritsa mano a ana. Yang'anani ana omwe anabadwira ndi kukulira pa mjigo umenewo. Ngati ambiri ali ndi mano a mizere yofiirira, pali chifukwa chokayezetsera. Chachiwiri ndi nitrate, wochokera ku zimbudzi ndi feteleza, yemwe ndi woopsa kwa makanda. Mulanje ndi Thyolo ndi maboma othithikana, chitsime ndi chimbudzi zimayandikana kuposa mamita 30 omwe alangizi amanena. Zonse ziwirizi kuwiritsa sikuchotsa, kutcheza kumachotsa. Pitani ku ofesi ya zamadzi ya boma mukafunse zotsatira za mjigo wanu kapena mmene mungayezetsere. A Malawi Bureau of Standards ku Blantyre nawonso amayeza madzi. Ndalama yoyezetsera ndi yochepa poyerekeza ndi nkhuni za chaka chathunthu zomwe mungawotche pochotsa chinthu chomwe mwina mulibe.

Matope a chitsime cha kudimba, limodzi ndi tizilombo tomwe timabwera nawo, ndiwo mdani wamkulu, ndipo ndiye wosavuta kumugonjetsa. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo kachilombo kake kamafa ndi kulorini wa ndalama zochepa kapena kuwiritsa kwa mphindi imodzi madzi atafika pobwata. Akhazikitseni kaye, muwasefe pa nsalu, kenako muthire WaterGuard kapena kulorini wa kwa alangizi a zaumoyo motsatira muyezo wolembedwa, mudikire mphindi 30. Njere za cham'mwamba zouma, zosinjidwa bwino n'kutakasira mu ndowa, zimathandiza matope kukhazikika msanga, ngakhale sizilowa m'malo mwa kulorini.

Tiyerekeze tsopano kuti mwayezetsa ndipo mchere kapena fluoride wapezeka, kapena mukungofuna malita ochepa othira mu batire ya sola yanu. Kapangidwe kake ndi aka.

Pezani poto wamkulu wa malita 10 mpaka 20 wa chivindikiro chokhala bwino. Wa chitsulo chosachita dzimbiri ndiye wabwino koposa, wa aluminiyamu wa kusitolo amathekanso. Mapoto osula pamsika ochokera ku zitsulo zosungunula ndimawakayikira, chifukwa simudziwa kuti anasungunula chiyani. Ngati muli ndi poto wa puresha ntchito yachepa: chotsani kachitsulo kolemera ka pamwamba, kabowo katsalako ndi pomwe mulumikize paipi. Pa poto wamba boolani chivindikiro pakati. Paipi ikhale ya mkuwa wofewa, yatsopano, yotakata mamilimita 10, yaitali mamita 3 mpaka 5. Imapezeka m'masitolo a zipangizo za mafiriji ndi mipope ku Limbe ndi ku Blantyre. Paipi ya PVC, hosi ya kudimba ndi chubu cha njinga siziyenera kukhudza nthunzi, zimafewa n'kupatsa madzi fungo ndi mankhwala. Nsungwi imatha kunyamula nthunzi koma siitaya kutentha, ndiye siingagwire ntchito yoziziritsa.

Popinda mkuwa pamafunika kuleza mtima. Mukangoukhotetsa ndi manja umapindika pamalo amodzi n'kutsekeka. Dzazani mchenga wouma wosefa mkati, tsekani mbali zonse ndi timitengo, kenako muukulunge pang'onopang'ono mozungulira chitini chachikulu kapena chipika chozungulira. Mukatha, khuthulani mchengawo n'kutsuka mkati ndi madzi a mandimu osakaniza ndi mchere pang'ono, kenako ndi madzi ambiri oyera. Mizere ya paipiyo itsike motsetsereka kuyambira pamwamba mpaka pansi popanda pena pokwera. Pakakhala pokwera madzi amaima pamenepo, nthunzi imawakankha mwamphamvu, ndipo chipangizo chimayamba kulavula m'malo modontha. Ikani paipi yokulungayo mu ndowa ya malita 20, mbali ya pansi itulukire pa bowo lomwe mwaboola m'mbali mwa ndowa chakumunsi, mumate bowolo kuti lisadonthe. Mukaona kuti kukulunga kukuvutani, chitani ngati otcheza kachasu: paipi yowongoka ya mamita awiri yodutsa motsetsereka m'chomwera chachitali.

Kuchokera pa chivindikiro, paipi iyambe yakwera masentimita 20 kapena 30 isanakhotere ku ndowa, kuti madzi akuda omwe akudumpha powira asalowe. Pachifukwa chomwecho musadzaze poto, siyani gawo limodzi mwa magawo atatu. Polumikizira paipi ndi m'mphepete mwa chivindikiro mumate ndi phala lolimba la ufa, la chinangwa kapena la tirigu limagwira bwino. Likapsa limauma n'kutseka mipata, silinunkha, ndipo mukatha mumangolipala. Lilinso ndi ubwino wina: paipi ikatsekeka mwangozi, phalalo ndi lomwe limang'ambika nthunzi n'kutuluka, m'malo moti poto aphulike. Choncho musamange chivindikiro ndi waya kapena kuchiwotcherera, ndipo kumapeto kwa paipi kusatsekedwe nthawi ina iliyonse, ngakhale botolo lolandirira likhale lopuma. Nthunzi imawotcha kuposa madzi owira. Ana akhale kutali.

Madzi akayamba kuwira, asiyeni abwate mphindi 5 musanavindikire kuti za fungo zithawe, ndipo kapu yoyamba kutuluka mutaye. Moto ukhale wapakatikati. Mukaona nthunzi ikutuluka kumapeto kwa paipi m'malo mwa madontho, ndiye kuti moto wachuluka kapena madzi a mu ndowa atentha, ndipo nkhuni zanu zikungopita mumlengalenga. Apa ndi pomwe ambiri amadabwa. Kutentha konse komwe munalowetsa mu poto kumakathera mu ndowa yoziziritsira, moti lita imodzi yotcheza imakweza ndowa ya malita 20 ndi madigiri pafupifupi 30. Gwirani pamwamba pa madziwo, mukamva kuti dzanja likukana, tungani a pamwambawo n'kuthiramo ozizira. Oziziritsirawa sayenera kukhala oyera, a kudimba omwewo akwana, ndipo akatentha ndi osamba kapena otsukira mbale. Musalole poto kuuma. Pakatsala gawo limodzi mwa magawo anayi zimitsani moto, ndipo madzi otsalawo, omwe tsopano ndi amchere kwambiri, musatayire pa ndiwo zamasamba. Paipi muziiumitsa mukatha. Mukaona zobiriwira mkati kapena kumapeto kwake, tsukaninso ndi mandimu musanaigwiritse ntchito.

Ngati mukufuna kapu imodzi kapena ziwiri zokha, paipi siifunika. Thirani madzi pang'ono mu poto wamkulu, ikani mwala woyera kapena katebulo ka waya pakati, pamwamba pake mukhazike mbale yoti isakhudze madziwo. Vindikirani chivindikiro chozondotsa kuti chogwirira chiloze m'mbale, pamwamba pake muthire madzi ozizira n'kumawasintha akatentha. Nthunzi imagunda chivindikiro, imatsetsereka mpaka pa chogwirira, n'kudonthera m'mbale.

Njira yomwe ndimaikonda kwa munthu woganiza zodzidalira ndi ya dzuwa, chifukwa ukamanga kamodzi sudzagulanso nkhuni. Mangani kabokosi ka njerwa ndi simenti, mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, pamalo opanda mthunzi. Khoma la kutsogolo likhale masentimita 10, la kumbuyo 35, kuti galasi la pawindo lomwe muike pamwamba litsetsereke, ndipo kutsetserekako kuloze kumpoto, komwe dzuwa limadutsira miyezi yambiri ya chaka kuno kwathu. Pansi pakhale pakuda. Simenti yosakaniza ndi okusaidi wakuda, uja wa pansi pa nyumba, ndi yabwino kuposa penti yemwe amanunkha akatentha. Musanaike simentiyo yalani utuchi kapena mankhusu a mpunga okuta ndi pulasitiki kuti kutentha kusathawire m'nthaka. Kumunsi kwa galasi, mkati, ikani kangalande ka aluminiyamu kapena chitsulo chosachita dzimbiri kopendekera mbali imodzi, kotulutsira madzi mu botolo kunja. Siyani kabowo kothirira madzi kumbuyo, kokhala ndi chotsekera. M'mphepete monse mwa galasi mumate ndi silikoni kuti mpweya usatuluke. Madzi a mkati akhale osaya, masentimita 2 kapena 3 basi, popeza akazama amachedwa kutentha. Pothira samalani kuti akuda asadumphire m'kangalande, chifukwa muno madzi sawira ndipo dontho limodzi lakuda limaipitsa botolo lonse. A masiku oyamba mutaye mpaka fungo la simenti ndi silikoni lithe.

Kabokosi kotere kamatulutsa malita 2 mpaka 4 tsiku lotentha la mu Okutobala. Masiku a chiperoni, mu Juni ndi Julaye, nkhungu ikakuta phiri n'kutsikira kuchigwa, mudzapeza botolo litanyowa pansi pokha. Kuti mupeze malita 20 pamafunika mabokosi 6 kapena 8, ndipo magalasi onsewo muwateteze ku mbuzi ndi mpira wa ana. Awiri ndi okwanira madzi a khanda, a wodwala ndi a batire. Kudzenje kokumba pansi n'kuphimba ndi pulasitiki komwe mwina munakuonanso pa YouTube musatayepo nthawi, thukuta lokumba limaposa madzi otuluka.

Za kumwa masiku onse: madzi otcheza si poizoni, ndipo mphekesera yoti amakokolola mchere wa m'thupi mpaka munthu kudwala ndi yokokomeza kwa munthu amene akudya bwino. Gawo lalikulu la mchere womwe thupi limafuna limachokera ku chakudya, usipa, nyemba, nandolo, masamba. Chomwe mudzadandaule ndi kakomedwe, amamveka ozizira mkamwa, opanda kanthu, ndipo ana amawakana n'kubwerera ku chitsime. Kuwakhutchumula mu botolo kuti alowe mpweya kumathandizako. Koma nzeru yabwino ndi kusakaniza. Ngati vuto la mjigo wanu ndi mchere wopitirira pang'ono, simuyenera kuuchotsa wonse. Lita imodzi yotcheza ndi lita imodzi ya pa mjigo yothira kulorini zimapereka malita awiri a mchere wa theka, okoma kuposa onse awiriwo, ndipo nkhuni mwapulumutsa theka. Pa fluoride ndi nitrate muyezo wosakanizira utengere zotsatira za kuyezetsa, osati lilime.

Kumbukiraninso kuti madzi otcheza alibe chowateteza akatuluka. A kulorini amapitiriza kupha tizilombo ali mu chigubu, awa ayi. Kapu yomwe mwana wamwera ikaviikidwamo, ntchito ya tsiku lonse yapita. Asungeni mu chigubu chotsuka cha kukamwa kochepa, chotsekedwa, ndipo muzitsanula osati kutunga. Akakhala mu mtsuko, pakhale makapu awiri, yotungira ndi yomwera. Musawasunge mu ndowa ya malata kapena chiwiya cha mkuwa, chifukwa madzi opanda mchere amadya chitsulo msanga.

Mwatchula Freddy, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Mu Malichi 2023 mapaipi ambiri otsika m'phiri anakokoloka, zitsime zinadzaza matope, milatho inaduka. Koma taganizirani mmene masiku amenewo analili: mvula usana ndi usiku, dzuwa osaoneka, nkhuni zonse zonyowa. Chotchezera cha moto ndi cha dzuwa chomwe zikanangokhala. Chomwe chimapulumutsa pa nthawi yotere ndi botolo la kulorini lomwe tsiku lake silinathe, nsalu yosefera, zigubu ziwiri zoyera, ndi pepala la pulasitiki latsopano lotchera mvula.

Ndipo mvulayo ndi madzi otcheza kale, dzuwa linagwira ntchitoyo kwaulere. Milimita imodzi ya mvula pa malo a mita imodzi mbali zonse ndi lita imodzi. Denga la malata la mamita 8 ndi 5 limalandira malita 800 pa mvula imodzi ya mamilimita 20. Kwanu kuchigwa mvula siifika ngati ya ku minda ya tiyi kum'mwera kwa phiri, komabe titati igwe mamilimita 1,000 pachaka, denga lomwelo lalandira malita 40,000. Muchotsepo gawo limodzi mwa magawo asanu la otayika, atsalabe ochuluka kuposa malita 7,300 omwe banja lanu limamwa ndi kuphikira chaka chonse. Chovuta ndi posungira. Miyezi 7 ya chilimwe pa malita 20 patsiku ndi malita 4,200, ndiye thanki ya malita 5,000 ingakuolotseni ngati madziwo ndi akumwa ndi ophikira okha, ochapira ndi osamba n'kumatunga pa mjigo. Thanki ndi yodula, sindikana, koma mutha kuyamba ndi migolo ya pulasitiki ya malita 200 yomwe munkakhala zakudya, n'kumaonjezera chaka ndi chaka. Mvula yoyamba muzilola itsuke denga, fumbi ndi zitosi za mbalame zipite pansi, pakamwa pa thanki pakhale sefa yotchinga masamba ndi udzudzu, ndipo akumwa muziwathirabe kulorini. Ndikanakhala ine pakhomo panupo, ndalama yoyamba ikanapita ku ngalande za padenga ndi migolo, yachiwiri kokayezetsa mjigo, ndipo chotchezera chikanabwera pamapeto, chaching'ono.

Chaching'onocho batire ya sola yanu idzachiyamikira. Ngati ndi ya zotsekera pamwamba, madzi ake amachepa pang'onopang'ono ikamatchajidwa, ndipo ambiri amaipha pothiramo a pa mjigo kapena kuonjezera asidi. Chomwe chimachepa ndi madzi okha, choncho muzionjezera otcheza basi, mpaka aphimbe timapuleti ta mkati osafika pakamwa. A batire atengeni pa kabokosi ka galasi kapena pa njira ya chivindikiro chozondotsa, popeza odutsa mu paipi ya mkuwa amatengako mkuwa pang'ono womwe batire siigwirizana nawo. Muziyang'ana kamodzi pamwezi, makamaka nyengo yotentha. Ngati batire yanu ndi yomata, ija yolembedwa kuti gel kapena AGM, musaitsegule, siithiridwa madzi.